Anagona ndi mmodzi, koma olakwa anali ambiri

Madzulo a pa 6 Malichi 1987, sitima yapamadzi yotchedwa Herald of Free Enterprise inanyamuka padoko la Zeebrugge ku Belgium kulowera ku Dover, ku England, itanyamula anthu ndi magalimoto. Zitseko zikuluzikulu zakutsogolo, zolowera magalimotowo, zinali chitsegulire. Itangotuluka padoko n'kuwonjezera liwiro, madzi anakhuthukira m'kati, ndipo pasanathe mphindi ziwiri inali itagwa cham'mbali. Anthu 193 anafa, ambiri mwa iwo chifukwa cha kuzizira kwa madzi.

Zala zonse zinaloza munthu mmodzi, amene ntchito yake inali kutseka zitsekozo. Iye anali m'tulo m'chipinda chake ndipo sanamve kuitana koti sitima ikunyamuka. Koma kumusenzetsa yekha mlandu wonse n'kubisa chilungamo.

Kapitawo wake anaziona zitsekozo zili zotsegula, n'kungodutsa, poti si ntchito yake. Wachiwiri kwa kaputeni anachoka pamalopo mofulumira poganiza kuti wotsekayo ali m'njira. Kaputeni naye, pamene amaima poyendetsa sitima, zitsekozo sankaziona n'komwe. Mwambo wa kampani ya Townsend Thoresen, eni sitimayo, unali woti ngati palibe wadandaula, ndiye kuti zonse zili bwino.

Chopweteka mtima kwambiri n'chakuti makaputeni anali atapempha kale, kuyambira mu 1985, kuti awaikire timagetsi tosonyeza ngati zitseko zatsekedwa. Akuluakulu a kuofesi analiseka pempholo. Chikhalirecho mu 1983 sitima ina ya kampani yomweyo, Pride of Free Enterprise, inali itachoka ku Dover zitseko zili zotsegula, wotseka atagonanso. Mabwanawo nkhawa yawo inali pa nthawi: anafika polembera ogwira ntchito kuti aziyesetsa kunyamuka ku Zeebrugge kutatsala mphindi 15 kuti nthawi yonyamukira ikwane.

Munthu wotopa amagona, ndipo kampani imene yaika miyoyo mazanamazana m'manja mwa munthu mmodzi popanda womuyang'anira yasankha yokha ngoziyo. Nafenso kuno, bwato likagubuduka pa nyanja ya Malawi, tisamangofunsa za woyendetsa. Tifunsenso amene analola katundu wopyola muyezo.

Woweruza Barry Sheen, amene anatsogolera kafukufuku, anapeza kuti kusasamala kunali kutalowerera kampaniyo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mu 1993 bungwe loona za maulendo apanyanja padziko lonse la IMO linakhazikitsa malamulo a ISM Code, okakamiza eni sitima kuyankha okha pa chitetezo. Koma mlandu wopha anthu mosasamala umene kampaniyo inazengedwa unathera m'njira mu 1990, ndipo palibe analowa m'ndende.