ZA UMOYO M'BANJA: Mayi akasintha khalidwe, kayezetseni magazi



M'midzi mwathu muno mayi wachikulire akayamba kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, kusowa tulo kapena kulankhula zosamveka, apabanja amafulumira kugamula mlandu. Ena amati ndi ukalamba, ena amati ndi majini, ndipo ena amafika ponamizira ufiti mayi amene anawalera. Ulendo uno tikambirane za nthenda ina imene imaoneka ngati ya mutu, chonsecho gwero lake lili pakhosi.

Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi, kalikonse kukula kwake ngati njere ya mpunga. Madokotala amatitchula kuti parathyroid. Amene anayamba kutifotokoza m'thupi la munthu ndi Ivar Sandström wa ku Uppsala m'dziko la Sweden, m'chaka cha 1880. Ntchito ya tiziwaloti ndi kuyang'anira mchere wotchedwa kashiamu. Mcherewu pafupifupi wonse umakhala m'mafupa ndi m'mano. Wa m'magazi ndi wochepa, ndipo achipatala akayeza umayenera kupezeka pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L. Ukatsika, tiziwalo tija timatulutsa timadzi tolamula mafupa kuti apereke kashiamu, ndi impso kuti zisamutaye mu mkodzo.

Vuto limayamba kamodzi mwa tiziwaloti kakatupa n'kumangolamula osaleka. Mafupa amafooka, kashiamu n'kudzaza m'magazi. Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 8 amapezeka ndi kachotupa kamodzi kokha, ndipo sikakhala khansa. Nthendayi imakonda amayi amene anasiya kupita kumwezi, koma abambo nawonso imawagwira.

Nanga mutu ukubweramo bwanji? Ubongo ndi mitsempha zimadalira kashiamu potumizirana mauthenga, tsono akachuluka, mauthengawo amayenda mwaulesi. Poyamba munthu amangokhala wotopa, wokhumudwa, wankhawa, woiwala pamene waika zinthu ndiponso wosafuna kucheza. Izi zikhoza kutenga zaka apabanja asakuzindikira. Muyeso ukamafika 3.5 zimakhala zoopsa: wodwala amasokonezeka, amaiwala malo amene ali, amatha kuona kapena kumva zinthu zimene palibe, amangowodzera, mwinanso kukomoka. Pamenepo si podikira kuti kuche, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Chotithandiza kuzindikira n'chakuti nthendayi kawirikawiri imabwera ndi zizindikiro zina za m'thupi. Yang'anani ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, koma poyeza shuga osamupeza. Yang'ananinso kudzimbidwa, nseru, kusafuna kudya, kuphwanya kwa mafupa, fupa kuthyoka munthu atangogwa pang'ono, ndi ululu woopsa wa m'nthiti mpaka m'chinena umene umabwera ndi timiyala ta mu impso. Zoterezi zikakumana ndi kusintha kwa khalidwe, fotokozerani dokotala zonse pamodzi, ndipo mufunse mwaulemu ngati n'kotheka kuyeza kashiamu m'magazi. Paja safunsa anadya phula. Ngati chipatala chanu chilibe zoyezera, pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu.

Nyamulani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, chifukwa ena amakweza kashiamu, monga hydrochlorothiazide wa BP ndi lithium amene amapatsidwa kwa odwala maganizo. Musawasiyitse nokha. Khansa ina ndi TB nazonso zimatha kumukweza, n'chifukwa chake dokotala amayeza zambiri asanagamule.

Chithandizo chilipo. Opaleshoni yochotsa kachotupako anayamba kuichita ndi Felix Mandl ku Vienna m'chaka cha 1925, ndipo lero dokotala wodziwa ntchitoyi amachiza odwala pafupifupi 95 mwa 100. Kusokonezeka mutu kumatha kashiamu akatsika. Kukhumudwa ndi kuiwala kumachepa mwa ambiri, koma ena amafunikabe uphungu ndi mankhwala a maganizo. Amene nthenda yawo ndi yochepa, dokotala akhoza kumangowayeza nthawi ndi nthawi.

Tikumbutsane ziwiri. Choyamba, usipa, matemba ndi utaka zimene timadya ndi minga yomwe sizibweretsa nthendayi, choncho musamumane wodwala ndiwo zake. Chachiwiri, kusowa madzi m'thupi kumakweza kashiamu msanga, makamaka m'miyezi yotentha ya kunyanja kuno. Amene wapezeka ndi vutoli azimwa madzi okwanira, ndipo mwezi wa Ramadhan usanafike akafunse dokotala ndi Shehe ngati angathe kusala.

Si aliyense wosokonezeka mutu amene ali ndi nthendayi, ndipo odwala maganizo onse ayenera chisamaliro chathu mofanana. Koma tisanamutchule mayi wathu dzina loipa kapena kumutsekera m'nyumba, tiyeni timuchitire dua, timugwire dzanja, tipite naye akamuyeze magazi.

Tidzakumanenso m'kope likudzalo, Insha Allah.