PA BOLODI LA CHESS: Sicilian, chida cha wosewera wachiwiri



Miyezi itatu yatha ndipo takumananso pa tsamba lathu lino la masewero a nzeru. Ulendo uno tiyankhe funso limene anyamata ndi atsikana akhala akutifunsa paliponse pamene tayala bolodi, kaya ndi pa Mpingu, pa Namitete, ngakhale ku Nsaru ndi ku Kabudula kumene ena akusewerabe pa katoni ndi zitsekerero za mabotolo. Funso lake ndi ili: "Mwalimu, nanga tikagwira zakuda tiziyamba bwanji?"

Ndi funso labwino. Pa chess wogwira zoyera ndiye amayamba, ndipo ambiri mwa ana athu amakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu masitepe awiri, kumene timalemba kuti e4. Wa zakuda wosazolowera amangochita chimodzimodzi, nayenso e5, ngati munthu wodziyang'anira pa galasi. Kuyankha kotere sikolakwa ayi, akatswiri amateronso. Koma wolonda mapazi a mnzake amapita kumene mnzakeyo wafuna. Pali yankho lina limene lero ndi lotchuka kuposa onse pakati pa akatswiri akakumana ndi e4. Yankholi ndi c5, kukankha msilikali wa patsogolo pa bishopu wa mbali ya mfumukazi. Dzina lake ndi Sicilian Defence.

Dzinali lidachokera ku Sicily, chilumba cha kumwera kwa dziko la Italy. Katswiri wa ku Italy, Giulio Polerio, adalemba za kayambidwe aka m'chaka cha 1594, ndipo Mngelezi wina, Jacob Sarratt, ndiye adafalitsa dzinali mu 1813. Okonda mbiri adziwa kuti Asilamu adalowa pa chilumbachi mu 827 ndipo ulamuliro wawo udatheratu mu 1091, komanso kuti masewerowa adafika ku Ulaya kudzera m'maiko otere, makamaka Spain ndi Sicily. Pa Chiarabu ankati shatranj, ndipo ku Baghdad kudali akatswiri onga as-Suli. Komabe tisadzigunde pa chifuwa kuti Sicilian ndi yathu. Mu shatranj msilikali ankayenda sitepe imodzi basi, choncho c5 sikadatheka pa kusuntha koyamba. Lamulo la masitepe awiri lidadza pambuyo pake ku Ulaya.

Tsono ubwino wake uli pati? Yalani bolodi, tisewere limodzi. Kumbukirani kuti N ndi kavalo, B ndi bishopu, Q ndi mfumukazi, ndipo x ndi kudya.

1. e4 c5 2. Nf3 d6 3. d4 cxd4 4. Nxd4 Nf6 5. Nc3

Imani pamenepo muwerenge asilikali. Wa zakuda wapereka msilikali wa m'mbali, wa mzere wa c, ndipo wadya msilikali wa pakati, wa mzere wa d. Tsopano iye ali ndi asilikali awiri a pakati pamene mnzake watsala ndi mmodzi. Zili ngati kusinthanitsa munda wa kumalire ndi dimba la pafupi ndi madzi. Kachiwiri, mzere wa c watseguka, ndipo ruku wa zakuda akakhala pa c8 amayang'ana mpaka kukhomo kwa mdani. Kachitatu, mbali ziwirizi sizikufanananso. Wa zoyera ali ndi malo ambiri ndipo zida zake zatuluka msanga, choncho amalunjika kwa mfumu. Wa zakuda amathira nkhondo mbali ya mfumukazi. Aliyense ali ndi ntchito yake, ndipo masewero otere sakonda kuthera m'kufanana mphamvu.

Apa ndi pamene pagona kutchuka kwa Sicilian. Imamuuza woyamba mochedwa kuti nayenso akhoza kusewera mofuna kupambana, osati kungopewa kugonja. Akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

Akatswiri a dziko lonse adaiona nzeru imeneyi. Bobby Fischer wa ku America, amene adatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1972, ndi Garry Kasparov, amene adautenga mu 1985, onse ankadalira nthambi yotchedwa Najdorf. Nthambiyi imayamba ndi 5...a6, kusuntha kooneka ngati kwachabe, koma kumatseka khomo la b5 kuti kavalo kapena bishopu wa zoyera asaimepo. Idatenga dzina la Miguel Najdorf, mbadwa ya ku Poland amene adatsalira ku Argentina nkhondo itabuka mu 1939. Nthambi ina ndi Dragon, 5...g6, pamene bishopu amakakhala pa g7 n'kumayang'ana bolodi lonse chopingasa. Kasparov adaitulutsa modzidzimutsa polimbana ndi Viswanathan Anand ku New York mu 1995. Mu 2018 ku London, Magnus Carlsen adateteza ukatswiri wake kwa Fabiano Caruana pogwiritsa ntchito nthambi inanso, Sveshnikov.

Koma abale, walira mvula walira matope. Pamene wa zakuda akutakataka ndi asilikali, wa zoyera amakhala atatulutsa kale akavalo, ndipo kuphonya kamodzi kokha kumakwanira kugwetsa nyumba yonse. Ifeyo tidazionera m'maso. Tidaperekeza ana athu kukasewera ndi anzawo a sukulu ina, ndipo pakati pawo padali mnyamata wathu wakuthwa mutu, woloweza msanga. Tidamuphunzitsa Dragon mwa changu, iye n'kuiloweza ngati nyimbo. Masewero adayenda monga talembera pamwambapa, kenaka:

5...g6 6. Be3 Ng4 7. Bb5+ Bd7 8. Qxg4

Kavalo adapita. Mnyamatayo adatambasula dzanja kuti adye mfumukazi ndi bishopu wa pa d7, koma mnzake adamukumbutsa mwaulemu kuti bishopuyo sangachoke pamzerepo, chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumu. Misozi idalengeza m'maso. Pobwerera pa njinga sadalankhule, ndipo kwa masabata angapo sadafune kuona bolodi.

Kulakwa kudali kwathu, aphunzitsi. Tidamuuza kuti mu Dragon kavalo amatha kulumphira pa g4 kukasautsa bishopu, koma sitidamuuze chifukwa chake amayamba waika bishopu wake pa g7. Bishopu akachoka pa f8, mfumu imapeza pothawira, ndipo kuopseza kwa pa b5 kumatha mphamvu. Kusuntha kumodzi kokha kudasiyanitsa nzeru ndi tsoka. Ife amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa ana kuloweza tikudziwa kukoma kwake, koma tikudziwanso kuti mwana woloweza mawu osamva tanthauzo amasowa poponda akafunsidwa mwa njira ina. Pa bolodi mdani safunsa monga mwa buku.

Nanga tinene kuti ana athu aisiye Sicilian? Iyayi. Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, mwana ayambe ndi e5 kufikira atadziwa kutulutsa zida zake msanga, kugwira pakati ndi kubisa mfumu pakona. Chachiwiri, akafika pa Sicilian asankhe nthambi imodzi yokha, ndipo pa kusuntha kulikonse azitha kunena ndi pakamwa pake chimene akufuna ndi chimene akuopa. Ngati sangathe kufotokozera mng'ono wake, sadaidziwe. Chachitatu, azilemba masewero ake m'kope, ogonja omwe, n'kumawabwereza ndi anzake. Mafoni a masiku ano amaonetsa kusuntha kwabwino m'kuphethira kwa diso, koma samuuza mwana chimene chidamusokeretsa mumtima. Adziwenso kuti ambiri a zoyera satsata njira ya 3. d4, ena amayankha 2. c3, ena 2. Nc3, ndipo woloweza njira imodzi amangoti kakasi.

Kwa inu makolo, musawaone ana awa ngati otaya nthawi. Amon Simutowe wa kwa anansi athu ku Zambia adakhala Grandmaster mu 2009, woyamba m'chigawo chonse cha Africa cha kumwera kwa Sahara. Kuno kwathu Mayi Susan Namangale, amene adasankhidwa kutsogolera bungwe la Chess Association of Malawi mu 2018, adayambitsa Dadaz Chess Academy ku Lilongwe n'kufikitsa masewerowa m'sukulu za kumidzi ndi m'ndende. Mwana wa ku Nambuma sasiyana mutu ndi wa m'tauni. Chimene amasowa ndi bolodi ndi womuongolera. Muonetsetse kokha kuti pasakhale kubetcherana ndalama, ndipo nthawi ya Swala ikakwana, kapena ntchito ya kumunda ikaitana, bolodi lidikire.

Mnyamata uja adabwerera. Akuseweranso Dragon, ndipo ana atsopano akafika ndi iye amene amawaonetsa msampha wa pa g4, akuseka yekha. Tikukusiyirani ntchito iyi: pa masewero ake aja, akadatchinga ndi kavalo, 7...Nc6, wa zoyera akadatani? Yalani bolodi pabanja panu mupeze yankho, ndipo tidzalifotokoza m'kope likudzali, Insha Allah.