Kalata kwa Mkonzi: Nanga benchi la kuchipatala mulemba liti?

A Mkonzi,

Nkhani yanu ija ya kakonzedwe ka m'kati mwa masitolo, maofesi ndi malo ena ofikamo anthu ambiri yandikhumudwitsa, ndipo ndati m'malo mong'ung'udzira kumbali ndikulembereni. Masamba onse aja munawadzaza ndi nyali zolendewera, mipando yawofuwofu ndi makoma a magalasi, ngati kuti nkhani imeneyi imayambira pa Manda Hill n'kuthera pa East Park ku Lusaka. Wolemba wanu sanatchuleko chipinda chimene mayi wodwala amadikiramo kuyambira m'mamawa, kapena kalasi imene mwana amakhalamo mpaka dzuwa kupendeka. Ambiri mwa ife owerenga anu sitikhala ku Lusaka. Ine ndikulemba ndili ku Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi. Ndine kalipentala, ndakalamba ndi macheka m'manja, ndipo zitseko ndi mabenchi amene ndikufuna kunenawa ena mwa iwo ndakhomapo misomali ndekha.

Mukanalemba zimenezi zaka khumi zapitazo ndikanangoti zawo zimenezo, kuno kulibe chomangira. Lero zinthu zasintha. Thumba la chitukuko la CDF, limene mu 2021 linali K1.6 miliyoni m'dera la phungu aliyense, linakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, kenaka K28.3 miliyoni mu 2023 ndi K30.6 miliyoni mu 2024. Lumezi, kumene kuli Chikomeni, nayenso anapatulidwa ku Lundazi mu 2018 n'kukhala boma palokha. Zimenezi zikutanthauza kuti makalasi, tizipatala, misika ndi maofesi zikumangidwa tsopano lino, ife tikuona, ndipo zidzakhalapo mpaka adzukulu athu. Ino ndiyo nthawi imene nyuzi ngati yanu ikanatithandiza kufunsa kuti m'kati mwa nyumbazi munthu azikhalamo bwanji. Koma tsiku lodula riboni onse amaima panja, amayamikira penti ndi malata abuluu, wojambula amajambula, galimoto zimabwerera ku boma. Amene atsala ndi nyumbayo ndi namwino ndi odwala ake.

Tiyeni tilowe m'kachipatala kena ka kumudzi. Sindikatchula dzina, chifukwa anthu ogwiramo ntchito si amene anakajambula, ndiponso zimene ndikunenazi mungazipeze m'malo ambiri. Odwala amadikira m'kanjira kopanikiza ka pakati pa zipinda, kopanda zenera, mabondo kugundana. Wachifuwa akutsokomola apa, khanda la masabata awiri lili pamsana pa mayi wake pomwepo. Benchi ndi thabwa lopanda poyedzamira, lalifupi kwambiri moti gogo akakhala amafunika munthu womudzutsa. Mayi wapakati amasankha kuyala chitenje pansi. Mukafika kwa namwino, khoma lolekanitsa chipinda chake ndi kanjirako limalekezera m'munsi mwa denga, pamwamba pali pululu. Funso lililonse limene namwino afunsa limatulukira pamenepo n'kugwera m'makutu mwa onse a pamzere. Kodi mnyamata amene wabwera ndi matenda a kumaso anganene zoona, apongozi ake ali pabenchi kuseri kwa khomalo? Amangoti mutu ukuwawa, amalandira panado, n'kubwerera kwawo ndi matenda ake. Mizere inayi kapena isanu ya njerwa ndiyo inasowa pamenepo, ndalama yosafika n'komwe pa mtengo wa chikwangwani chimene chili pamsewu.

Choipa koposa ndi chipinda cholandirirako ma ARV. Kawirikawiri amachiika kumapeto, chokhachokha, khomo lake kuyang'ana kumene kumadutsa anthu. Kumudzi tonse timadziwana. Munthu akangolunjika kukhomo limenelo, nkhani imafika kumjigo iye asanafike kunyumba. Ndiye pali anthu amene amalipira njinga yamoto kupita kuchipatala chakutali kumene sadziwika, ndalama zikatha mankhwalanso amasiya. Boma limagula mankhwalawo, a zaumoyo amayenda m'midzi kulangiza, koma khomo limodzi loikidwa mosaganiza limagwetsa ntchito yonseyo. Kukanakhala kuti onse amalowera khomo limodzi, amadikira pamodzi, amalandirira mankhwala pazenera limodzi lotchingidwa m'mbali, palibe akanadziwa kuti mnzake watenga chiyani. Makolo athu sankadziwa kuwerenga pulani, koma chikuta ankachisunga mwaulemu, wosayenera sankasuzumiramo. Ife ophunzirafe tikuika bedi lobadwitsira pamalo poti chitseko chikangotseguka, aliyense wa pakhonde aona zonse.

Za mpweya nazo si nkhambakamwa. Mu 2007 akatswiri ena anafalitsa zimene anapeza atayeza mpweya m'zipatala za mumzinda wa Lima ku Peru. Anaona kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kumasintha mpweya wa m'chipinda mofulumira kwambiri, ndiponso kuti zipatala zakale za madenga aatali ndi mazenera aakulu zinkaposa zatsopano. Kachirombo ka TB kamayenda mumpweya, choncho chipinda chotsekeka ndicho chimakasunga. Ku Rwanda, chipatala cha Butaro chimene chinatsegulidwa mu 2011 anachimanga ndi nzeru imeneyi: tinjira toyendamo anatitulutsa panja, pansi pa khonde, kuti odwala asaunjikane m'kati, ndipo mabedi anawatembenuza kuti wogona aziyang'ana pazenera. Kuno kwathu zenera limakhala laling'ono, lili pamwamba, chogwirira chinathyoka, wina anachimanga ndi waya kuopa akuba. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likamenya malata, m'chipindamo mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa.

Mwina muti Rwanda ndi kutali. Chabwino, wolokani malire pang'ono. Ku Kasungu, tsidya lija la nkhalango, bungwe lomwelo lomwe linajambula Butaro, la MASS Design Group, linamaliza mu 2015 chidikiro cha amayi oyembekezera. M'malo mwa chiholo chimodzi chachikulu chogonamo onse, anamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, monga mmene mudzi umakhalira, ndi njerwa za dothi zotsindira pamakina. Denga analitulutsa kwambiri kuti pakhale mthunzi ndi pobisalira mvula, chifukwa anadziwa kuti mayi wodikira sagona tsiku lonse. Amaphika, amachapa, amacheza, ndipo sabwera yekha, amabwera ndi womudikirira. Nkhani ya zidikiro si yachilendo kwa ife. Lundazi anali mmodzi mwa maboma anayi, pamodzi ndi Nyimba, Mansa ndi Kalomo, kumene ntchito ya Saving Mothers, Giving Life inayambira mu 2012, ndipo kuyambira nthawi imeneyo amayi akhala akulimbikitsidwa kukachirira kuchipatala. Koma mayi wa kudera la Mfumu Kazembe kapena Mfumu Chitungulu kuchigwa, kapena wa kuno kwa Chikomeni, akamva kwa anzake kuti kuchidikiro kulibe pophikira, kulibe posungira ufa ndi ndiwo, bafa ilibe chitseko, amazengereza mpaka tsiku litakwana ali kunyumba, mvula itadula njira. Wolemba wanu akanapita ku Kasungu akanabwera ndi zithunzi zokongola zomwe amazifunazo, komanso zothandiza.

Ndinene za matailosi, chifukwa m'nkhani yanu munawatamanda kwambiri. Matailosi onyezimira aja akhala chizindikiro cha chitukuko, moti makomiti amawafuna kuposa china chilichonse. Kuno anthu amafika ndi matope kumapazi kuyambira Disembala mpaka Marichi. Tailosi losalala likanyowa limagwetsa munthu, ndipo amene amagwa ndi mayi wapakati ndi gogo wa ndodo. Likasweka limodzi, lofanana nalo simulipeza ku Lundazi, ndiye pamatsala chibowo chosunga litsiro. Pansi pa simenti yosalazidwa bwino, yotsetserekera pang'ono kukhomo kuti madzi okolopera azituluka okha, pamakhala zaka zambiri. Ngati mufunadi matailosi, alipo okhakhala osaterera, koma ndani anawauza a komiti za kusiyana kumeneku? Inu simunawauze.

Pa za anzathu olumala ndiye pali lamulo, si chifundo. Zambia ili ndi lamulo la anthu olumala la 2012, limene limafuna kuti nyumba zofikamo anthu onse zikhale zolowekamo kwa aliyense. Lisanabwere lamulolo, mu 2011, mayi Sela Brotherton anatengera bungwe loyendetsa masankho ku High Court chifukwa cha malo ovotera osafikika kwa olumala, ndipo khoti linagwirizana nawo. Malo ovoterawo kuno kumudzi ndi makalasi athu omwewa. Tsono onani zimene omanga ena amachita: amathira kachitunda ka simenti pakhomo kuti woyendera ntchito aone kuti kalipo, koma n'kotsetsereka moti njinga ya olumala singakwere popanda amuna awiri okankha. Muyeso wodziwika ndi wakuti pokwera mita imodzi, njirayo italike mamita 12. Mukakwera movutikira chotero, mumapeza chitseko chopapatiza, njingayo yakanika, ndipo kuchimbudzi kuli masitepe.

Kusukulu ndingodutsako mwachangu. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022 ana anadzaza m'makalasi, ndipo boma linalamula kuti madesiki agulidwe kuti mwana asakhalenso pansi. Tinasangalala, ifenso akalipentala tinapezako ntchito, sindibisa. Koma madesiki ambiri amabwera a msinkhu umodzi, wa Giredi 1 miyendo ili lendelende, wa Giredi 7 mawondo akugunda thabwa. Bolodi amaliika moyang'anizana ndi zenera, a kumbali saona kanthu koma kunyezimira. Mvula ikagwa pamalata opanda siling'i, phunziro latha. Mukaika siling'i osatseka bwino m'mphepete, mileme imalowa, ndipo pakapita chaka fungo lake limathamangitsa ana. Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, anatchuka ndi sukulu ya kumudzi kwawo ku Gando ya mu 2001. Anamanga ndi dothi, malata anawakweza pamwamba patali ndi denga la m'kati kuti mphepo izidutsa pakati n'kuchotsa kutentha. Munthu wotchuka chotero anayambira pa kalasi ya kumudzi, pomwe wolemba wanu anaona kuti kalasi si nkhani yoyenera masamba ake.

Amalonda athu nawonso akanapindula ndi uphungu wanu. Lowani m'sitolo ya pamalo ochitira malonda nyengo yogula zipangizo za ulimi: mankhwala opopera thonje ali pashelefu imodzi ndi shuga, matumba a feteleza atsamira matumba a mchere, zenera latsekedwa ndi katundu, mwini sitolo ali mumdima kuseri kwa zitsulo. Si kuipa mtima, palibe anamuonetsa njira ina. Misika yomangidwa ndi ndalama za boma nayo imakhala ndi matebulo a konkire aatali, m'kati muli mdima, khomo lili kumbali kumene sikudutsa anthu. Amayi a tomato amayesa sabata imodzi, kenaka amabwerera kumsewu, ndipo akuluakulu amawanena kuti ndi osamva. Akanawafunsa asanathire maziko, akanamva kuti wogulitsa amafuna kukhala pansi ataona katundu wake yense, amafuna potsekera zotsala usiku, amafuna mpopi pafupi, ndipo koposa zonse amafuna kuti wogula amuone.

Kukonda maonekedwe a kunja sikunayambe lero. Nyumba yodziwika kwambiri ku Lundazi ndi Castle Hotel, imene DC wachizungu Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 motsanzira malinga a mafumu a ku Ulaya. Alendo amaijambula mpaka pano, ndipo palibe choipa pamenepo. Koma iye ankamanga nyumba yogona apaulendo, osati chipinda chobadwiramo ana athu. Ife sitingapitirize kusankha mapulani chifukwa akuoneka bwino pachithunzi. Mu 2024, madzi opangira magetsi atachepa ku Kariba, ngakhale a ku Lusaka anaona okha mmene nyumba yodalira makina oziziritsa imakhalira magetsi akathima.

Wina anganene kuti mapulani a zipatala ndi masukulu amachokera ku unduna, komiti ya kumudzi singasinthe kanthu. N'zoona pang'ono. Koma pulani siinena kuti benchi likhale lopanda poyedzamira. Siiletsa kumanga khonde lalikulu lodikirirapo, kapena kutembenuza nyumba kuti mazenera asalandire dzuwa la masana, kapena kupachika nsalu yotchinga pakati pa mabedi. Zinthu zimenezi zimagamulidwa pamalo pomwepo, pakati pa kontilakita, a khonsolo ndi a Ward Development Committee. Pamsonkhano wotere ndani amaitana namwino, mzamba, wokolopa, mphunzitsi wa Giredi 1, kapena munthu woyenda pa njinga ya olumala? Wokolopa amadziwa ngodya iliyonse imene madzi amaima. Sindinamvepo akufunsidwa.

Pempho langa ndi ili, A Mkonzi. Lembaninso nkhaniyi, koma muilembere a komiti za m'mawadi, amene chaka chino asankha zomanga. Muikemo miyeso yeniyeni: kutalika kwa benchi loti nkhalamba idzuke yokha, kukula kwa chitseko cholowa njinga ya olumala, kukula kwa mazenera ndi mbali yoyenera kuwaika, mtengo wa khoma lofika kudenga. Muikemo ndi chojambula cha chipinda chimodzi choti munthu wosapita patali ndi sukulu angachimve n'kupita nacho kumsonkhano. Ndipo musanalembe, tumizani wolemba wanu uja kuno. Akwere basi ya ku Lundazi kuchokera ku Chipata, abwere ndi tepi yoyezera pamodzi ndi kamera yakeyo, asankhe tsiku la sikelo ya ana, akhale pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzina lomaliza litaitanidwa. Njinga yomutenga pamsewu waukulu tidzamupezera ife.

Ine wanu wodandaula,
Kalipentala wa ku Chikomeni