Inshuwalansi ya panyanja isathere padoko

Zambia ilibe nyanja yamchere, koma makontena amene amadutsa mu Rufunsa pa msewu wa Great East, kukwera mapiri a Manenekera kuchokera ku mlatho wa Luangwa, ambiri anayamba ulendo wawo pa sitima. Wamalonda woitanitsa katundu ayenera kugula inshuwalansi yomuteteza kuyambira kosungira katundu kwa wogulitsa mpaka kwake, chifukwa yothera padoko la Nacala kapena Beira siilipira thiraki ikagubuduzika pamakhota a Manenekera.

Ena amati eni sitima ndiwo alipire. Koma malamulo apanyanja amaika malire pa ndalama zimene eni sitima angalipire, ndipo nthawi zambiri sizifika mtengo wa katunduyo. Pamwamba pake, sitima ikakumana ndi ngozi, eni katundu onse amagawana ndi eni sitima mtengo woipulumutsira, ngakhale amene katundu wawo sananyowe n'komwe. Zinachitika ndi sitima ya Ever Given itatsekereza ngalande ya Suez mu 2021: wopanda inshuwalansi anayenera kuyamba waika chikole asanatenge kontena yake.

Amalonda athu, musanasaine, funsani kampani yovomerezeka ndi Pensions and Insurance Authority kuti chitetezocho chikuthera pati.