Tisule Tokha Zonyamulira Mabelo a Udzu

Mwina mudabwa kuona nkhani ya udzu ndi mathalakitala m'magazini ya ana a m'tauni. Ambiri a ife tinabadwira ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 kapena ku Mgona, ndipo ng'ombe timangoiona italendewera m'butchala. Komabe ndipempha kuti mundilole ndinene maganizo anga, pakuti nkhaniyi ikhudza mkaka wa m'tiyi wathu, ndiponso ikhudza funso limene lisowetsa tulo aliyense wa Fomu 4, lakuti: kodi ndikatha sukulu ndidzagwira ntchito yanji? Maganizo angawo ndi awa: zipangizo zonyamulira mabelo a udzu pa mathalakitala aang'ono tiyenera kuzipanga tokha kuno ku Lilongwe, ndipo ife ophunzira tili ndi mbali yathu pa ntchitoyo.

Tiyambe ndi udzuwo. Tonse tidziwa kuti kuno mvula iyamba cha mu Novembala kapena Disembala, nileka cha mu Epulo. M'miyezi imeneyi udzu umera paliponse, m'madambo, m'mbali mwa misewu, ngakhale kuseri kwa makalasi athu, kotero kuti timatopa nako kutchetcha. Koma pofika Ogasiti udzu womwewo wapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo pofika Okutobala ng'ombe za kumidzi yotizungulira zaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Lumbadzi kapena ku Nathenje aona mkaka ukuchepa m'ndowa yake tsiku ndi tsiku. Chakudya chinalipo chambiri m'dzinja, koma panalibe wochisunga.

Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa njira yake kwa zaka zambiri. Amayi athu amafutsa chisoso ndi nkhwani kuti tidzadye m'chilimwe. Momwemonso mlimi ayenera kufutsa udzu wa ng'ombe zake. Udzu umwetedwa pamene wayamba kumene kuchita maluwa, cha mu Marichi ndi Epulo, pakuti ukakhwimitsa usanduka ngati mapesi, wopanda chakudya chokwanira. Uyanikidwa masiku awiri kapena atatu, kenaka upondedwa m'bokosi la matabwa m'mene ayalamo zingwe, numangidwa kukhala belo. Bokosi lotalika pafupifupi mita imodzi, ndi theka la mita m'lifupi ndi m'kuya mwake, litulutsa belo lolemera makilogalamu 15 kapena kuposerapo pang'ono. Masangwi a mtedza nawonso amangidwa chimodzimodzi.

Tsono tiyeni tichite masamu monga timachitira m'kalasi. Tiyerekeze kuti ng'ombe imodzi ya mkaka idya makilogalamu 10 a udzu wofutsa pa tsiku, ndipo chilimwe chitenga masiku 180. Ndiye kuti ng'ombeyo ifuna makilogalamu 1,800, amene ali mabelo 120. Mlimi wa ng'ombe ziwiri afuna mabelo 240. Ngati dambo lili kutali ndi khola, kodi mabelo onsewa asenza ndani? Tisanamizane, asenza ndi amayi ndi ana, limodzi limodzi pamutu, pa nthawi yomwe chimanga ndi mtedza zidikiranso kukololedwa. Ndipo udzu womangidwa suyenera kugona kumunda, chifukwa ukanyowa ndi mame kapena mvula yotsalira uchita nkhungu, ndipo ukaunjikidwa wachinyezi utentha m'kati mpaka nthawi zina kuyaka wokha. Apa ndi pamene ambiri agwa ulesi. Kumweta atha, kumanga atha, koma kututa kuwagonjetsa.

Nanga thalakitala ithandiza bwanji? Kumbuyo kwa thalakitala kuli mikono itatu yachitsulo, iwiri pansi ndi umodzi pamwamba, imene ikwezedwa ndi mphamvu ya mafuta opopedwa ndi injini. Nzeru imeneyi inachokera kwa Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa ku Ireland, ndipo thalakitala yake yaing'ono yotuwa, yotchedwa TE20, inayamba kupangidwa ku Coventry m'chaka cha 1946. Dzina lake likadalipo pa mathalakitala ofiira a Massey Ferguson amene tiwaona m'minda ikuluikulu. Ubwino wa mikono itatuyi ndi wakuti miyeso yake inagwirizanidwa pa dziko lonse. Pa thalakitala yaing'ono, mapini awiri apansi ndi onenepa mamilimita 22, ndipo yapamwamba ndi mamilimita 19. Choncho mmisiri wa ku Biwi akatsata miyeso imeneyi, chimene wapanga chidzalowa pa thalakitala yopangidwa ku England ngakhale ku India. Pamikonopa sipamangidwa pulawo yokha ayi. Chilichonse chimene munthu wachiganizira bwino chingathe kumangidwapo.

Alimi a ku America amangapo nthungo yaikulu yachitsulo. Kumeneko, chiyambire pamene kampani ya Vermeer ya ku Iowa inatulutsa makina ake kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, udzu umakulungidwa m'mabelo ozungulira, ndipo belo limodzi lilemera makilogalamu mazanamazana, loti amuna anayi sangalinyamule. Thalakitala ibwerera chambuyo, nibaya belolo pakati, nilikweza. Alimi ambiri kumeneko amadzipangira okha nthungo zotere m'mashedi mwawo, osadikira sitolo. Mtima wodzipangira umenewu ndi umene tiyenera kutengera, koma nthungoyo tiisiye kaye, chifukwa mabelo athu ndi aang'ono. Kubaya belo la makilogalamu 15 ndi nthungo ya thalakitala kuli ngati kupha udzudzu ndi nkhwangwa. Si chilichonse choonedwa pa foni chimene chiyenera kukopedwa.

Chimene chitiyenera ife ndi thandala lachitsulo lopachikidwa pa mikono itatu ija. Mmisiri apanga felemu yoimirira yooneka ngati chilembo cha A, yokhala ndi mapini awiri m'munsi ndi malo a pini yachitatu pamwamba. M'munsi mwa felemuyo atulutsa mikono iwiri yolimba yoloza kumbuyo, ndipo pamwamba pa mikonoyo ayala matabwa, natchinga m'mbali ndi mipiringidzo yopyapyala. Thandala la mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi litenga mabelo anayi pa mzere wapansi, ndipo mizere itatu yosanjikizana ndi mabelo 12, ndiwo makilogalamu 180, katundu wosavuta kwa thalakitala yaing'ono. Mabelo 240 aja atha ndi maulendo 20 okha, ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Thandalalo litsika mpaka pansi, kotero palibe woponya belo m'mwamba. Matabwa akachotsedwa, mikono iwiri ija itsala ngati foloko yonyamulira zinthu zina. Ndipo kututa udzu kukatha, thandala lomwelo linyamula matumba a feteleza, manyowa, zigubu za mkaka, ngakhale mabelo a fodya.

Kodi alipo amene angathe kupanga zimenezi? Funso limeneli lingafunsidwe ndi mlendo yekha. Pitani ku Biwi Triangle mukaone amisiri akuphwasula injini ndi kuwotcherera zitsulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Yendani m'misewu ya Kawale, Mchesi ndi Area 25 muone mageti, mafelemu a mawindo, mawilibala, ngolo ndi majeke odindira fodya, zonse zopangidwa ndi manja a abale athu. Amene atha kupanga jeke yothina belo la fodya lopita ku okushoni ku Kanengo, kodi angalephere felemu ya mapini atatu? Kumbukiraninso William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata wa msinkhu wathu womwewu anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ndi zidutswa za njinga ndi chopemerera mphepo cha thalakitala yakufa. Luso lilipo m'dziko muno.

Tsopano ndiyankhe amene atsutsana nane, pakuti ndidziwa kuti alipo.

Ena ati: Mathalakitala ndi owerengeka, ndipo anthu athu alima ndi khasu. Zoona zimenezo. Koma chifukwa chakuti ndi owerengeka, ndiye kuti iliyonse iyenera kugwira ntchito chaka chonse. Thalakitala yambiri ilima m'nyengo yokonza minda, kenaka ikhala pansi pa mtengo miyezi yambiri, mwini wake akudandaula kuti siibweza ndalama. Itakhala ndi chonyamulira, gulu la alimi a mkaka lingathe kuibwereka pa mtengo wogawana, ndipo onse apindula. Sindinyoza ngolo ya ng'ombe ayi. Pamene ngolo ilipo, igwire ntchito, ndipo mmisiri yemweyo angathe kuikweza m'mbali kuti itenge mabelo ambiri. Koma alimi ambiri a mkaka asunga ng'ombe zazikazi za m'khola zokha, alibe ng'ombe zokoka.

Ena ati: Tidikire boma kapena mabungwe, adzatibweretsera zipangizo zenizeni zochokera kunja. Anzanga, tinadikirapo kale. Boma linagula mathalakitala 177 ndi ngongole yochokera ku India, ndipo m'chaka cha 2016 ofesi ya Ombudsman inaulula kuti ambiri mwa iwo anagulitsidwa kwa akuluakulu m'malo mofika kwa alimi ang'onoang'ono. Kuwonjeza apo, chipangizo chakunja chifuna ndalama zakunja, zimene dziko lathu lisowa kawirikawiri, ndipo chikathyoka mwini wake adikira miyezi kuti chitsulo chake chifike. Chopangidwa ku Kawale chikathyoka m'mawa, madzulo chabwerera kumunda. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Koma pali kutsutsa kwachitatu kumene sindingakupeputse. Ena ati: Zopanga kunyumba zimapha anthu. Apa anena zoona, ndipo apa ndi pamene pagona mbali yathu ife ophunzira. Chitsulo chomangira nyumba chija chiikidwa m'konkire sichiyenera kukhala mkono wonyamulira katundu, chifukwa chipindika. Chitsulo cha sipuling'i ya lole kapena cha ekiselo ndi cholimba, koma chikawotchereredwa mosasamala chiuma pafupi ndi msoko, ndipo tsiku lina chithyoka mwadzidzidzi ngati khuni. Ndi bwino kuchilowetsa m'paipi yokhuthala ndi kuchimanga ndi mabawuti. Mapini asakhale misomali kapena mabawuti otoledwa pansi. Ndipo choopsa koposa ndi ichi: katundu wa kumbuyo apepuza kutsogolo kwa thalakitala. Tonse tinaphunzira m'phunziro la sayansi kuti mphamvu yotembenuza ndi kulemera kuchulukitsa ndi kutalika kwa mkono. Makilogalamu 200 okhala mamita awiri kumbuyo kwa matayala aakulu akoka kawiri kuposa makilogalamu omwewo okhala mita imodzi. Thandala likatalika kwambiri, matayala akutsogolo anyamuka pa chitunda, chiwongolero chileka kumvera, ndipo thalakitala ingathe kugudubuzika ndi kupsinja woyendetsa. N'chifukwa chake katundu ayenera kukhala pafupi ndi thalakitala, wotsika poyenda, ndi zolemetsa zomangidwa kutsogolo ngati kufunika kutero. Ndipo pathandalapo asakwerepo munthu, ngakhale mwana alire chotani.

Taonani tsono, mmisiri ali ndi dzanja lodziwa chitsulo, koma kawirikawiri apanga mongoyerekeza ndi diso. Ife tili ndi rula, kampasi ndi masamu, koma ambiri a ife sitinagwirepo makina owotcherera, ndipo ena timaona ngati ovololo ndi chovala cha olephera mayeso. Mutu umodzi susenza denga. Mmisiri wopanda miyeso apanga chinthu choopsa, ndipo wophunzira wopanda mmisiri atsala ndi chithunzi chokongola m'kope. Ndi awiriwa pamodzi amene angapange chipangizo chimene mlimi angachikhulupirire.

Pomaliza ndipempha zinthu zitatu. Kwa aphunzitsi athu a zaulimi ndi a sayansi, mutilole chaka chino timwete udzu wa pabwalo la sukulu pa nthawi yake, tipange bokosi, timange mabelo, tiwayeze pa sikelo, m'malo mouunjika ndi kuutentha monga mwa masiku onse. Kwa a kalabu ya sayansi, jambulani chonyamulira ndi miyeso yake yonse, muwerenge kulemera kumene chingasenze, ndipo chithunzicho chikaonetsedwe kwa odziwa, monga a ku Bunda, a ku Chitedze kapena a ku Lilongwe Technical College, chisanafike kwa mmisiri. Kwa anzanga amene makolo kapena amalume awo ndi owotcherera zitsulo, musachite nawo manyazi. Pa tchuthi pitani mukakhale pambali pawo, muwagwirire chitsulo, muwafunse mafunso, ndipo muwaonetse masamu anu mwaulemu, pakuti iwo ndi akulu ndipo adziwa zambiri zimene m'mabuku mulibe.

Maofesi a ku Capital Hill sangatilembe ntchito tonse, ndipo mayunivesite sangatitenge tonse. Koma udzu udzamera chaka chilichonse, ng'ombe zidzamva njala chilimwe chilichonse, ndipo mzinda wathu ukukulirakulira, ukufuna mkaka wambiri. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuyeza, kujambula ndi kuwotcherera sadzagona ndi njala. Tiyeni tiyambe ndi felemu imodzi ya mapini atatu, yoyezedwa bwino.



Wophunzira wa Fomu 4