Chuku sichichoka ndi supuni ya ufa

Chiperoni chikamanga msasa ku Makwasa, malaya ochapa Lolemba amafika Lachinayi asanaume. Nanga madeya, amene amachoka ku chigayo ali kale ndi chinyontho poti chimanga amachiwaza madzi pokonola? Nanga nsenjere zodula dzana zimene zaunjikidwa pakona pa khola? Zimachita chuku. Aliyense woweta ng'ombe m'midzi yopanikizika ndi minda ya tiyi akulidziwa fungo lake.

Chopsetsa mtima n'chakuti kwabuka anthu a mapaketi onyezimira amene akuuza alimi kuti vutoli latha. Akuti thirani supuni ya ufa uwu m'chakudya, poizoni yense amangika, mtheno wanu unenepa msanga. Ndipo ena amene ntchito yawo ndi kulangiza alimi angoti ziii, ngati sakumva.

Bodza limeneli anzathu a ku America linawadyera kale ndalama. Mu 1931 katswiri wa pa yunivesite ya Kentucky anaona udzu wa fescue utabiriwira pa munda wa mlimi wina ku Menifee. Mu 1943 unaperekedwa kwa alimi ndi dzina loti Kentucky 31, ndipo unadzaza maekala mamiliyoni ambiri. Koma ng'ombe za nyama zodya udzuwo sizinkanenepa. Zinkatentha thupi n'kumangoima m'madamu tsiku lonse, ndipo m'nyengo yozizira zina zinkaduka nsonga za michira, zina kuwola ziboda. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi pamene zinadziwika kuti m'kati mwa udzuwo mumakhala nkhungu yosaoneka ndi maso, imene poizoni wake, ergovaline, amafinya mitsempha ya magazi.

Alimi a kumeneko anayesa michere, yisiti, dongo, ngakhale ndere za m'nyanja. Zina zinapeputsako pang'ono, koma palibe chinachiza. Mpaka lero malangizo odalirika ndi oti asakanize udzuwo ndi mbewu za mtundu wa nyemba, asamadyetse ngala zake, kapena auphe wonse n'kudzala wina wopanda poizoni. Dziko la malabotale osawerengeka linalephera kuyeretsa chakudya choipa ndi ufa. Ndiye wamalonda wa pa njinga yamoto ku Thyolo wachipeza kuti chimene iwo anachisowa?

Poizoni wa kuno ndi wina, ndipo ndi woopsa kwa anthu. Chuku cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa aflatoxin, yemwe anapha nkhukundembo pafupifupi 100,000 ku England mu 1960, n'kuphanso anthu 125 ku Kenya mu 2004. Amawononga chiwindi. Ng'ombe ikamudya imataya chilakolako cha chakudya, imaonda, ndipo ikakhala ya mkaka amatulukira mu mkakamo. Kuwiritsa sikumupha. Mkaka womwewo ndi umene mayi akuthira m'phala la mwana, mwana amene mawa adzamubereka kumsana kuthamangira naye ku chipatala cha Malamulo.

A mapaketi amati dongo la bentonite limamanga aflatoxin m'mimba. Zoona, limamangako gawo lina, likayezedwa bwino m'chakudya chimene chayesedwa kale. Koma ndani wayesa madeya a pa chigayo cha m'mudzi? Supuni imodzi ikulimbana ndi poizoni wochuluka bwanji? Wogulitsayo sakudziwa, ndipo sakufuna kudziwa.

Amatinso mlimi wosauka sangataye madeya. Ha! Chifundo chimenechi n'cha mtundu wanji, chimene chimaona umphawi wa munthu pa nkhani yotaya thumba lowola, koma osauona pomulipiritsa paketi? Munthu wogula madeya ovunda, n'kugulanso ufa wobisa kuvundako, kenaka n'kulipira wowona za ziweto ng'ombe itagona, walipira katatu. Mchere wonyambita ndi wofunika, inde, koma ntchito yake ndi kuwonjezera zimene zikusowa m'thupi, osati kusandutsa zowola kukhala chakudya.

Zimene alangizi ayenera kumanena pa msonkhano uliwonse n'zosafuna ndalama zambiri. Madeya ayanikidwe tsiku lomwe achoka ku chigayo, ndipo chiperoni chikakana, ayalidwe mopyapyala pa khonde. Matumba akhale pa thandala, osagunda khoma. Nsenjere zidulidwe zokwana tsiku limodzi. Mapesi ndi masangwi a mtedza asungidwe pansi pa denga losadontha. Madeya oundana, otuwa mobiriwira kapena onunkha akwiriridwe m'dzenje la manyowa, kutali ndi kumene nkhuku zimapalasa.