Mtsikana wongochucha mkodzo usana ndi usiku: vuto likhoza kukhala la impso

Ambiri kuno kwa Chitukula tinamuonapo mwana wotere. Mtsikana wa zaka 8 kapena 10, kabudula wamkati wongonyowa nthawi zonse. Kusukulu anzake amamuthawa chifukwa cha fungo, kunyumba akulandira zikoti. Ena amati ndi ulesi, ena amati anamulodza. Mapeto ake sukulu amaisiya.

Komatu pali vuto lobadwa nalo lomwe ambiri sitilidziwa. Impso iliyonse imakhala ndi kapaipi kamodzi kotengera mkodzo ku chikhodzodzo. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 125 amabadwa ndi timapaipi tiwiri pa impso imodzi, ndipo ambiri amakalamba osadziwa chifukwa sizimawavuta. Vuto limabwera kapaipi kachiwiriko kakaphonya chikhodzodzo n'kukatulukira kunsi kwake. Mkodzo wa mbali imeneyo umangodontha, palibe choutseka.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: mtsikanayo amapita kukakodza bwinobwino ngati anzake, koma amanyowabe, tsiku lonse, kuyambira ali khanda. Izi n'zosiyana ndi kukodza pogona. Mwa anyamata vutoli silidontheza mkodzo chotere, koma mwana aliyense amene thupi limatentha kawirikawiri, kuyeza malungo osawapeza, ayenera kuyezedwa mkodzo. Matenda a mkodzo obwerezabwereza amawononga impso mwakachetechete.

Nkhani yagona pa kupeza vutoli msanga. Pamafunika sikani ya m'mimba, ndipo zipatala zing'onozing'ono za kumudzi zambiri zilibe makinawo. Ulendo umayambira pachipatala chapafupi, monga Kabudula kapena St Gabriel's ku Namitete, kenako kalata yopita ku Kamuzu Central. Ku Blantyre kuli Mercy James, chipatala cha maopareshoni a ana chomwe chinatsegulidwa mu 2017. Opareshoni imatha kulumikiza kapaipiko pamalo pake, kudontha n'kutheratu. Koma kwa banja lodalira ganyu, thiransipoti yokha ndi phiri, ndiye ambiri amathera kwa asing'anga.

Apa alangizi a zaumoyo, aphunzitsi ndi amayi a mother group ali ndi gawo lalikulu. Funso limodzi lokha, "kodi mwanayu anayamba waumapo?", likhoza kusintha moyo wake.

Achinyamata anzanga, ngati muli ndi mchemwali kapena mdzukulu wa m'banja mwanu wotere, musamuseke. Uzani makolo apite naye kuchipatala, ndipo akanene momveka kuti mwana amakodza bwino koma amanyowabe.